Mbewa za Amalume ndi Chifuwa cha Amayi

Mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, kwa Maseya, kumene sayansi tinkaiphunzira pa bolodi pokha, ndipo Fomu Folo ndinaimaliza mokwawa. Pagulu sinditha kuyankhula. Ngakhale kutchalitchi akandipatsa vesi kuti ndiwerenge, mawu amandikanirira pakhosi. Nkhani iyi ndikamaifotokoza pakamwa anthu amayamba kuseka ndisanafike pakati, ine n'kungoisiya. Papepala palibe wondidula, ndiye ndati ndiyese.

Amayi anayamba kutsokomola mvula itangodula, chaka chija chimanga chinapserera chisanabereke ndipo tinapulumukira mapira. Poyamba tinkati ndi fumbi. Kenako anayamba kuonda, chakudya osachifuna, chitenje n'kumatsala chambiri akamanga m'chiuno. Ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anawayeza makhololo koma sanapeze kanthu. Adokotala anati makhololo nthawi zina amabisa matenda, choncho amayi apite kuchipatala cha kuboma akajambulidwe pachifuwa ndi ekisireyi. Analemba zimenezi m'buku lawo la kuchipatala.

Zikanakhala za ine ndekha, tikanapita mawa lake. Koma kwathu mayi sapita kukachitidwa zazikulu kuchipatala mwini mbumba asanavomere. Bambo anga anamwalira ndili kupulayimale, ndipo ngakhale akanakhalapo, mawu omaliza akanakhala a amalume, achimwene awo a amayi. Ukamutenga munthu mwakachetechete, zinthu n'kukaipa kumeneko, mlandu wonse ndi wako. Abale amafika pamaliro n'kupinda manja, n'kumakufunsa kuti anakutuma ndani. Amayi imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kundisiyira ine mlandu umenewo.

Amalume anagwira ntchito zaka zambiri kuminda ya nzimbe, kupopera mankhwala. Anabwerako ndi magambuti, ovolosi yobiriwira, ndi chikhulupiriro choti chinthu chilichonse chili ndi ndondomeko yake, imene iwo amaitchula kuti pulosija. Titawauza za ekisireyi, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Nkhabe," anatero. Amalume akakana m'Chisena ndiye kuti akanitsitsa.

"Achimwene, chifuwachi chikundimaliza," anatero amayi.

"Chifuwa chimamaliza pang'onopang'ono, mlongo. Makina aja amamaliza kamodzi. Amuna ako sanawajambule? Ali kuti lero?"

Aliyense ankadziwa kuti bambo anajambulidwa atadwalika kale. Koma amalume anali ndi anzawo a kuntchito amene anajambulidwa n'kumwalira, ndipo ankawatchula mmodzimmodzi. Ankati cheza cha makinawo chimaumitsa magazi monga dzuwa la Okutobala limaumitsira thawale.

Ine ndinafuna kuthandiza. Ndinapita kwa mnzanga wotchaja mafoni, ndinabwereka foni yake yaikulu, n'kufufuza za cheza cha ekisireyi. Mwa zambiri zimene zinatuluka, imodzi inandisangalatsa. Inkafotokoza kuti akatswiri a sayansi amaweta mbewa zoyera m'nyumba zoyesera zinthu. Amazigawa pawiri, zina n'kuzipatsa mankhwala, zina ayi, kenako zonse amaziwomba ndi cheza champhamvu. Zimene zinalandira mankhwala, magazi ndi matumbo ake siziwonongeka kwambiri ngati zinzake. Ine ndinaona kuti ndi nkhani yokhazika mtima pansi: anthu ophunzira chezachi amachidziwa, amachiyeza, amatha kuchilamula. Ndinapempha foniyo ndipo ndinakawawerengera amalume pansi pa mtengo wa nimu, ndikumasulira chiganizo chilichonse mosamala. Amayi anali pamphasa chapafupi.

Amalume anamvetsera atatsinzina.

"Bwereza pamene akuti matumbo."

Ndinabwereza.

"Wamva, mlongo? Wawerenga ndi mwana wako yemwe. Matumbo. Ndikamanena ine mumati nkhalamba yapenga."

"Amalume, apa akunena cheza chochuluka, osati cha..."

"A Fomu Folo, tandiyankhani. Kuntchito ankatipatsa magambuti ndi zotseka pamphuno chifukwa chiyani? Chifukwa mankhwala aja ankawotcha. Mbewa akuzipatsa mankhwala chifukwa chiyani? Chifukwa chezacho chimawotcha. Ndiye mbewa imwe mankhwala, mlongo wanga alowe chimanjamanja?"

Amalume anagamula kuti amayi adzajambulidwa mankhwala odzitetezerawo akapezeka, ndipo anandituma ku Nchalo kukawafuna. Wogulitsa mankhwala anayang'ana dzina lalitali limene ndinamuonetsa, napukusa mutu. Anati mankhwala otere ndi a m'nyumba zofufuzira, ndipo munthu wokajambulidwa pachifuwa samwa chilichonse. Nditawauza amalume, anangoti, "Akubisa. Zabwino amasungira mabwana." Kenako nkhope yawo inawala mwa njira imene sindinaikonde.

"Tipanga tokha. Pulosija watiwerengera kale."

Kwathu mbewa ndi ndiwo, ndipo tikakolola timazikumba m'minda, choncho kuzipeza sikunali kovuta. Chovuta chinali kuzigwira zamoyo. Amalume ankakumba una, ine n'kudikirira pa kabowo kothawira ndi thumba. Tinatenga ndowa ziwiri zachitsulo za amayi, zokhazo zimene tinali nazo, n'kuzivundikira ndi waya wa pazenera. Ndowa imodzi anaimanga kansalu kofiira: imeneyo inali ya mbewa zomwa mankhwala. Mankhwalawo anali masamba a nimu, chamwamba ndi ufa wa malambe, zowiritsa pamodzi mpaka madzi ada bii. Nditafunsa mwaulemu kuti adziwa bwanji kuti zimenezi zingafanane ndi mankhwala a akatswiri aja, anati, "Ndiye chifukwa chake tikuyesa. Kodi kusukulu munkapita kukatani?"

Ntchito yomwetsa inagwera ine. M'mawa uliwonse ndinkagwira mbewa kumbuyo kwa khosi, n'kudontheza mankhwala mkamwa mwake ndi kachubu ka bolopeni. Mbewa siimwa nimu mwakufuna kwake. Zala zanga zinadzaza mabala. Madzi ndinayamba kutunga ndi zigubu, ndipo mapira amene tinkawasunga ngati maso ankapungulidwa tsiku ndi tsiku kudyetsa alendo a m'ndowa.

"Pakhomo pano okhuta ndi mbewa," ankatero amayi, kenako chifuwa n'kuwadula mawu.

Mbewa za kansalu kofiira zinafa zonse sabata isanathe. Za ndowa inayo zinali gwa, zikudumpha. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Amalume anazisuzumira, anagwira imodzi yakufa kumchira, n'kunena kuti, "Dozi yachuluka." Tinachepetsa nimu, tinabwerera kumunda ndi khasu.

Ulendo wachiwiri zomwa mankhwala zinakhala moyo, ngakhale zinali zowonda ndi zaukali. Zosamwa zija zinali zitanenepa mpaka kunyezimira. Tsiku lina tili kudimba, akazi awo a amalume, amene nkhani yonseyi inali itawatopetsa kuyambira tsiku loyamba, anatenga ndowa yopanda kansalu, anawiritsa zonse ndi mchere n'kuziyanika pamoto. Masana amalume anadya bwinobwino, anasukusula m'manja, kenako anapita kukasuzumira ndowa zawo.

"Mbewa zanga zili kuti?"

"Mwafunsa mochedwa, bambo. Zitatu mwadya ndinu."

"Mayi, mwaphika umboni?"

"Umboni wonona. Zowawa zanu zija sindinazikhudze, ngakhale galu sangadye."

Anakangana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo, ndipo mapeto ake ine ndinatumidwanso kukakumba.

Izi zikuchitika, amayi ankatha. Anasiya kupita kudimba. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundionetsa kansalu kamene ankatsokomolera. Panali timizere ta magazi. Anandiuza kuti ndisawauze amalume, chifukwa anganene kuti tsopano magazi achepa kale, makina awamaliza msanga. Ndinapitabe kwa amalume, ndinagwada, ndinanena kuti nthawi ikutha. Ndinanena motsitsa kwambiri moti anandifunsa kawiri kuti ndati chiyani. Atamva anati, "Ukuganiza kuti ine sindikumuona? Ndi mlongo wanga ameneyo, ndinamubereka kumsana iwe kulibe. Ndikufuna alowe mmenemo n'kutulukamo." Maso awo anali ofiira. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho, kuti sankachita mwankhanza. Akanakhala munthu woipa, mwina ndikanapeza mphamvu zowakanira.

Ndowa zonse ziwiri zitakhalanso ndi mbewa zamoyo, panatsala cheza. Amalume anaganizapo zokaziika pansi pa nsanja ya mafoni, koma anakumbukira kuti ndinawerenga za makina.

"Mawa upite nazo kuboma. Akazijambule zonse. Ukabwera nazo tizionera sabata ziwiri."

"Amalume, kuchipatala sangalole."

"Wafunsa?"

Ndinali ndisanafunse. Ndinaziika m'zitini ziwiri zoboola, chimodzi chomanga kansalu kofiira, n'kuika zitinizo m'thumba. Buku la kuchipatala la amayi ndinalitenganso, kuti ndikakhale ndi poyambira. Mu minibasi mbewa zinayamba kukwakwaza zitini. Kondakitala anatembenuka.

"Achimwene, mwanyamula chiyani?"

"Mbewa."

"Zamoyo? Masiku ano mukugulitsa zoyenda zokha?"

"Zikupita kuchipatala," ndinatero, chifukwa bodza sindilitha.

Mayi wina wonyamula dengu la nsomba anati zikafika zikapereke moni kwa adokotala. Minibasi yonse inaseka mpaka pasiteji, ine maso ali pa mapazi anga.

Kuchipatala ndinakhala pabenchi kunja kwa chipinda chojambulira. Nthawi yanga ikafika ndinkauza wa pambuyo panga kuti atsogole. Dzuwa litafika pamutu benchi inatha anthu, ndinatsala ndekha ndi thumba langa. Mayi amene amajambula anatuluka, wamkulu ndithu, wovala magalasi.

"Inu mwakhala apa kuyambira m'mawa. Buku lanu lili kuti?"

Ndinapereka buku la amayi ndi manja awiri.

"Mwini bukuli ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Nanga mwabwera ndi ndani?"

Ndinatsegula thumba. Anasuzumira m'chitini choyamba, kenako chachiwiri, n'kuvula magalasi. Anandiuza kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi, ndipo ndinafotokoza zonse, za foni, za nimu, za ndowa. Anaseka pang'ono pamene ndinafika pa mbewa zophikidwa. Koma atatsegula bukulo n'kuona mwezi umene adokotala analemba, kuseka kunatha.

"Mayi anu mwakhala nawo kunyumba nthawi yonseyi chifukwa cha zitinizi?"

Ndinatseka thumba lija, iwo n'kupitiriza.

"Tamverani. Mbewa zimene munawerengazo amaziwomba dala ndi cheza chochuluka, chofuna kupha, kuti aone ngati mankhwala angazipulumutse. Amafuna kuthandiza anthu amene amalandira cheza chambiri, monga odwala khansa. Cha pachifuwa ndi kachinthu kochepa, kuphethira kamodzi basi. Ine ndimaima kuseri kwa khoma chifukwa ndimajambula anthu tsiku lonse, chaka ndi chaka. Mayi anu ndi kamodzi kokha. Chimene chingawaphe ndi chimene chili m'chifuwamo."

"Ndinayesa kuwauza amalume."

"Munayesa ndi mawu amenewa, oti ine ndikuchita kutchera khutu? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achimwene."

Kenako anandiuza kuti Lachitatu likubweralo galimoto yoyeza chifuwa chachikulu, yokhala ndi makina ojambulira mkati, idzaima pamsika wa kufupi ndi kwathu, ndipo aliyense wotsokomola adzaloledwa kulowa. Anandibwezera buku.

"Mukawauze amalume anu kuti makina athu sajambula mbewa. Ngati akufuna kuyesa, adzayese ndi chifuwa chawo."

Mbewa ndinapatsa anyamata a pasiteji. Nditafika kunyumba ndinagwada n'kufotokoza zonse monga ndinazimvera, osachotsapo kanthu. Pa nkhani ya khoma amalume anadumphira pomwepo.

"Amabisala? Mwini makina amabisala, ndiye ukuti palibe choopsa?"

Ndinamaliza ndi mawu omaliza aja, oti adzayese ndi chifuwa chawo. Amalume anandiyang'anitsitsa.

"Anatero?"

"Anatero."

"Akuganiza kuti ndikuopa."

M'mawa mwake ndinawapeza akumwa okha mankhwala a mbewa aja m'kapu, nkhope itakwinyika ngati chikwatu cha fodya. Anamwa tsiku lililonse mpaka Lachitatu. Akazi awo anati tsopano pakhomo patsala mbewa imodzi, yaikulu, yovala magambuti.

Tsikulo galimoto inaima pafupi ndi ogulitsa nsomba. Amalume anavala ovolosi yobiriwira, botolo la mankhwala lili m'thumba. Amayi ananena kuti akufuna kukangoonerera, ndipo ndinawakweza panjinga. Ndinaona kuti avala chitenje chawo cha kutchalitchi ndipo atenga buku lawo, koma sindinafunse. Anakhala pamthunzi, atatsamira khoma la golosale.

Amalume nawo amatsokomola, chifukwa cha fodya, choncho sanawavute kuwalemba. Atafika pamakwerero anaima, anapukusa botolo, anamwa kwambiri, n'kundipatsa chipewa kuti ndigwire.

"Zikavuta, khasu langa latsopano ndi lako," anandinong'oneza.

Analowa. Ndisanasinthe n'komwe dzanja logwirira chipewa, anali atatuluka, akumanga mabatani.

"Basi?" anafunsa mnyamata wa pakhomo la galimoto.

"Basi, bambo. Dikirani zotsatira."

Anadzigwira pamimba, anatambasula manja, anapondaponda pansi. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kulengeza mokweza, anthu onse a pamzere akumva:

"Chabwino. Tsopano tidikire mwezi uoneke. Ndikapanda kufooka, mlongo alowa."

Galimoto inkachoka madzulo omwewo, ndipo sitinkadziwa kuti idzabweranso liti. Ndinafinya chipewa chija mpaka chinapindika. Ndinati, "Amalume," koma mawu ena sanabwere.

Amayi anagwira khoma n'kuimirira. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali amalume, anapinda mawondo pang'ono mwaulemu, ndipo anayankhula mosakweza mawu.

"Achimwene, kuyambira ndili mwana, tikamawoloka madzi ine ndimaponda pamene mwaponda inu. Lero mwawoloka anthu onsewa akuona. Ndikatsala tsidya lino, mawa pamudzi adzati mwini mbumba anapita kukadzijambulitsa yekha, mlongo wake wodwala anamusiya pakhonde la golosale."

"Si choncho, mlongo. Ine ndimayesa..."

"Zoona, bambo?" analowerera mayi wina wa pamzere. "Inu wamphamvu mwalowa, odwalawa ayi?"

"Ndiye amuna a masiku ano," anatero wina kumbuyo. "Ngakhale pa matenda amayamba kudya okha."

Amalume anayang'ana mzere, anayang'ana amayi, anayang'ana ine ngati ndine ndawaitana anthuwo. Kenako anasolola botolo m'thumba.

"Imwa kaye."

Amayi anamwa kamodzi, anatsinzina, anameza.

"Pita," anatero amalume. Anabwereza mokweza kuti anthu akhale mboni: "Ndalola ine, mwini mbumba. Zikavuta, mlandu ndi wanga, osati wa mwanayu."

Nthawi yonse imene amayi anali mkati, amalume anaima pamakwerero atagwira chitsulo, osalola aliyense kudutsa. Amayi atatuluka anawagwira dzanja n'kuwayang'ana m'maso ndi m'zikhatho, kufuna kuona ngati magazi akadalimo.

Chithunzi cha amayi chinaonetsa mthunzi kumtunda kwa phapo. Anawatenganso makhololo n'kuwayeza ndi makina a m'galimoto momwemo, ndipo dzuwa litapendeka anatiitana: chinali chifuwa chachikulu. Anati chimachizika, koma tinachedwa, ndipo tonse a pakhomo tiyenera kuyezedwa. Chithunzi cha amalume chinalibe vuto, anangowauza kuti asiye fodya. Za fodyazo sanazimve. Anamva zoti chifuwa chawo chili bwino, ndipo ananyamula botolo lija m'mwamba kuonetsa ogulitsa nsomba. Awiri anapempha kuti awalembere zosakaniza zake. Amalume analoza ine, kuti wodziwa kulemba ndi uyu. Ndinanamizira kuti ndikupopa njinga.

Amayi anamwa mankhwala awo miyezi yonse imene anauzidwa, ndipo anachira. Panopa akulima kudimba. Koma kwa ine nkhaniyi inatha pamene anakhala pansi pamthunzi wa galimoto ija n'kumeza mapiritsi oyamba ndi madzi a m'jumbo, ine nditawagwirira buku lawo. Linali Lachitatu, pa 17 Julayi 2024.